Atolankhani a AP si amene anachotsa Florida State

Chaka chilichonse mpira wa American football wa makoleji ku America ukamafika kumapeto, mphekesera imodzi imabwerera: akuti atolankhani ovota pa mndandanda wa matimu opambana wa bungwe la nkhani la Associated Press (AP) amagwirizana kuseri kuti akweze matimu a SEC, ligi ya makoleji a kum'mwera chakum'mawa, ndipo ndiwo amasankha olowa mu mpikisano womaliza. Ambiri amatchula 2023, pamene Florida State inapambana masewero onse 13 koma inasiyidwa, Alabama, timu ya SEC, n'kulowa.

Apa pasakanizidwa zinthu ziwiri. Mndandanda wa AP, womwe unayamba mu 1936, umavoteredwa ndi atolankhani oposa 60 ochokera m'madera osiyanasiyana. Aliyense amalemba matimu 25. Yoyamba imalandira mapointi 25, yomaliza imodzi. Mavoti awo amasindikizidwa ndi mayina, wokondera kwawo amaonekera poyera, ndipo voti yake imamira mwa anzake.

Osankha matimu a College Football Playoff, mpikisano womaliza uja, ndi komiti ina, yomwe mu 2023 inali ndi anthu 13. Iyo ndi imene inasiya Florida State, ponena za Jordan Travis, quarterback wawo (wosewera wotsogolera timu ikakhala ndi mpira) amene anathyoka mwendo mu November. Kudandaula n'komveka, inenso sindinakondwe. Koma sabata lomwelo AP inaika Florida State pa nambala 4, Alabama pa 5.