Mpikisano wa zithunzi za nkhope za ziweto: komiti ikuyankha

Chitsegulireni mpikisanowu foni ya mlembi sikupuma, ndipo ena akudandaula kuti zithunzi zawo zabwezedwa popanda chifukwa. Zifukwa zilipo.

Ndi ziweto ziti zololedwa?

Ng'ombe, mbuzi, nkhosa, nkhumba, abulu, akalulu, nkhuku, nkhanga, abakha ndi nkhunda. Galu ndi mphaka ayi.

Nkhuku yachikuda ingapikisane ndi ya Mikolongwe?

Inde. Oweruza sakuyang'ana mtundu kapena kunenepa kwa chiweto.

Changa chabwezedwa ati si chapafupi. Pafupi pake ndi pati?

Nkhope idzaze chithunzi, ndipo diso lioneke bwinobwino. Ng'ombe yonse, linunda ndi mchira womwe, imeneyo si nkhope. Komanso mukaifikitsa foni pamphuno penipeni, mphunoyo imatupa, makutu n'kuchepa, chifukwa kamera ya foni imatenga malo otambalala. Bwererani pang'ono, mugwade mpaka mulingane ndi diso la chiwetocho. Mwana wa diso la mbuzi ndi wopingasa, ndipo amaoneka bwino kuwala kukachokera m'mbali, monga m'mawa potsegula khola. Dzuwa la paliwombo limabisa maso a chiweto chakuda.

Ndimajambula maukwati nthawi zina. Ndingalowe nawo?

Apa mpomwe pali phokoso lalikulu. Lamulo likuti mpikisanowu ndi wa anthu amene kujambula si ntchito yawo. Amene ali ndi situdiyo, kapena amalembedwa ganyu mwezi ndi mwezi pa maukwati ndi zinkhoswe, sakuloledwa, ngakhale atajambulira pa foni. Amene anajambulapo ukwati wa mlongo wake n'kupatsidwa ya sopo sitikumuwerengera ngati katswiri. Pakati pa awiriwa pali anthu ambiri, ndipo komiti singalonjeze yankho limodzi kwa onse. Lembani zoona pafomu, tidzaunika payekhapayekha. Kukhala ndi kamera yodula sikuchotsa munthu. Kubisa ntchito yanu ndiye kungakulanditseni mphoto ngakhale mutalengezedwa kale.

Ng'ombe ndi yanga, wajambula ndi mwana wa mnzanga. Mphoto ndi ya ndani?

Ya wojambula. Tikudziwa kuti eni ziweto ena sakukondwa, poti wodyetsa, womwetsa ndi wogula mankhwala a nkhupakupa ndi iwo. Koma tikupikisanitsa chithunzi, ndipo lamulo la dziko lino loteteza ntchito za luso, la 2016, nthawi zambiri limazindikira wojambula ngati mwini chithunzi. Chomwe tikufuna n'chakuti mwini chiweto avomere, asayine kapena kudinda chala pafomu. Ngati munagwirizana zogawana, komiti silowererapo ndipo sidzagawa ndalama pawiri. Zidzatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba, ku nambala yolembetsedwa m'dzina la wojambulayo. Wosakwana zaka 18 alembetse nambala ya kholo kapena womulera. Mikangano yotere muithetse musanatumize chithunzi.

Chiweto sichikhazikika. Ndingachimange kapena kuchigwira?

Chingwe chake cha masiku onse palibe vuto. Kuchikoka makutu, kuchipinda khosi, kugwira nkhuku miyendo kapena kuthwanimitsa kuwala kwa foni m'maso, chithunzicho chichotsedwa. Khalani chete pambali ndi gaga kapena msipu, chidzabwera chokha kudzanunkhiza. Ng'ombe maso ake ali m'mbali, imaona pafupifupi konsekonse kupatula kumbuyo kwenikweni, choncho musaidzere kumeneko. Nkhunzi ndi nkhumba yoyamwitsa muzijambule muli kunja kwa khola. Komiti sidzalipira wovulala.

Bwanji mukuletsa kuyendayenda m'makola a eni?

Chigodola cha nkhumba chilibe mankhwala, ndipo chimayenda pa nsapato ndi zovala. Chitopa nachonso chimodzimodzi. Komwe boma laletsa kuyendetsa ziweto, monga zimachitikira ku Chikwawa ndi Nsanje kukabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, mverani alangizi a ziweto.

Ndingachotse ntchentche kapena nambala ya m'khutu pa kompyuta?

Ayi. Kuwalitsa pang'ono ndi kudula m'mbali n'kololedwa, basi. Zithunzi zopangidwa ndi mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu (AI) sitilandira.

Nditumize pa WhatsApp?

Inde, koma ngati document. Mukatumiza mwachizolowezi chimachepetsedwa, ubweya n'kusiya kuoneka.

Akuti m'bale wa mmodzi mwa oweruza walowa nawo. N'zoona?

N'zoona, ndipo malamulo athu saletsa. Oweruza amaona nambala yokha, osati dzina, ndipo woweruzayo adzatuluka pokambirana gulu la ziweto lomwe m'bale wakeyo walowa. Amene sakukhutira alembere wapampando tsiku lotsekera lisanafike.