Mvula yokwanira, chimanga chofota

Mayi wina wolima ku Chongwe, kufupi ndi Lusaka, anandifunsa kuti, "Bambo, inu oyeza nyengo mumati mvula yagwa yokwanira, nanga chimanga changa chafoteranji?" Funso limeneli limandikhudza, chifukwa mayiyo sananame, ifenso sitinaname. Lusaka amalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pa chaka, yambiri kuyambira Novembala mpaka Malichi. Koma chiwerengero cha chaka chimabisa mmene mvulayo yagwera.

Pa ntchito yathu, tsiku timaliwerenga louma ngati m'choyezera mwagwa madzi osakwana milimita 1. Masiku otere akatsatizana pakati pa dzinja, ndiye ng'amba. Chaka chimodzi sichitiuza zambiri, n'chifukwa chake timayerekezera zaka 30 kapena kuposa. Tikatero, m'madera ambiri kum'mwera kwa Africa kuno timapeza kuti ng'amba ikutalika, ndipo mvula ikabwera imachita kukhuthuka.

Gwero lake ndi kutentha. Mpweya ukatentha ndi digiri 1 umatha kusunga nthunzi yochuluka ndi 7 peresenti. Umayamwa msanga chinyezi cha m'nthaka, kenako n'kudzachitaya chonse masana amodzi. Madzi otero salowa pansi, amangothamanga n'kukokolola mizere. Kuno ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, amadzaza zimbudzi zokumba n'kusefukira m'zitsime.

Dzinja la 2023/24 tinaona zonse ziwiri. Mu Januwale odwala kolera anali atagona ku Heroes Stadium, bwalo la mpira la mu Lusaka lomwe analisandutsa chipatala. Kenako kunachita ng'amba ya milungu yoposa isanu, chimanga chili pafupi kumasula. Imeneyi ndiyo nthawi yoopsa kwambiri: ngayaye ikatuluka ndevu zisanatuluke chifukwa cha ludzu, chitsononkho chimakhala chopanda maso, ngakhale mvula itabweranso mawa lake. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a chimanga atawonongeka. Madzi a m'damu lopangira magetsi la Kariba anaphwera, malaiti n'kumathima pafupifupi tsiku lonse.

Ena amati ndi El Niño chabe (kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific komwe kumachepetsa mvula kuno), monga mu 1992 ndi 2016. Inde analipo, ndipo si wachilendo. Chachilendo n'chakuti masiku ano amapeza mpweya utatentha kale, ndiye ng'amba ya masiku omwewo imaumitsa munda kuposa kale.

Mayi uja ndinawalangiza kuti asadzale munda wonse tsiku limodzi, asakanize mbewu yocha msanga ndi yochedwa, ndipo mapesi asawatenthe, aphimbire nthaka.