Matenda a 4x4 yakale amayambira kunsi

Mwini galimoto akafika kugalaja, madandaulo ake amakhala a injini: ikufuka utsi, ikudya oyilo, ikuvuta kulira m'mawa. Za kunsi sazitchula mpaka tsiku limene yatitimira m'matope a ku Kanyama, matayala akumbuyo akungopalasa pamalo amodzi, akutsogolo ali duu ngakhale kagiya kakang'ono kolowetsa 4x4 kaja kakokedwa. Ma Hilux a zaka za m'ma 1990, ma Land Cruiser 75 ndi 79, Nissan Hardbody, Isuzu KB ndi Mitsubishi L200 amene ali mbwee mu Lusaka muno ali ndi mainjini opirira. Chimene chimawakhazika pamiyala kuseri kwa nyumba kawirikawiri ndi ma difu (mabokosi a magiya ogawa mphamvu ku wilo lakumanja ndi lakumanzere), transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), ma hub a m'mawilo akutsogolo ndi mashafiti. Zimenezi zimafa pang'onopang'ono chifukwa palibe amene amagwada kukaziyang'ana. Mvula ya mu November isanayambe, gwadani.

Zambiri mwa galimoto zimenezi zimayenda ndi mawilo akumbuyo okha kagiya kaja kakakhala pa H2. Mukakokera ku H4 kapena L4 (4x4 yothamanga kapena yokoka pang'onopang'ono), transfer case imamangirira pamodzi shafiti yakutsogolo ndi yakumbuyo, ndipo zonse zimazungulira pa liwiro limodzi chifukwa mulibe difu yapakati. Koma pokhota, mawilo akutsogolo amayenda mtunda wautali kuposa akumbuyo. M'matope kapena mumchenga tayala limaterereka pang'ono, kusiyanako n'kuthera pomwepo. Pa tala youma tayala limagwira, ndiye mphamvuyo imapotana m'mashafiti ngati chingwe chimene mukuchipota mbali zonse ziwiri. Chiwongolero chimalemera, matayala amalira pokhota, ndipo kagiya kaja kamakana kubwerera ku H2. Musakamenye. Bwererani m'mbuyo molunjika mamita khumi kapena makumi awiri, kapena ikani mawilo a mbali imodzi padothi la m'mbali mwa msewu, kadzatuluka kokha. Woyendetsa amene watuluka m'njira yamatope ya kufamu ku Chongwe n'kulowa mu Great East Road akadali pa H4 akudya mano a transfer case pa kilomita iliyonse.

Vuto lomweli limabwera ngakhale panjira yowongoka ngati matayala ndi osiyana kukula, akutsogolo atsopano akumbuyo otheratu, kapena saizi ziwiri pagalimoto imodzi. Choopsa kuposa pamenepo ndi difu yogula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ma difu a Toyota amafanana kunja koma mkati mano amasiyana. Werengani mano a giya yaikulu yozungulira ija, mugawe ndi mano a pinion, giya yaing'ono imene imaizunguliza. Mano 41 ndi 9 amapereka 4.56, mano 39 ndi 8 amapereka 4.88, mano 43 ndi 10 amapereka 4.30. Difu yakutsogolo ndi yakumbuyo ziyenera kufanana. Mukaika 4.30 kumbuyo kutsogolo kuli 4.88, pa H2 galimoto idzayenda bwinobwino osakuuzani kanthu. Tsiku loyamba kulowetsa H4 panthaka yolimba, china chake chidzathyoka.

Ma hub

Ma hub opotoza ndi dzanja, olembedwa LOCK ndi FREE, ndiwo amalumikiza wilo lakutsogolo ku shafiti yake. Onse awiri ayenera kugwira. Imodzi ikakana, difu yakutsogolo imataya mphamvu yonse kumbali yosagwirayo ndipo simukhala ndi 4x4 ngakhale nyali ikuyaka pa dashibodi. Nyaliyo imangosonyeza pamene pali kagiya, sidziwa zimene zikuchitika kuwilo.

Kuyeza n'kosavuta. Tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, kwezani wilo limodzi lakutsogolo ndi jeke, kagiya kali pa H2. Hub ili pa FREE, zungulizani tayala: shafiti isasunthe. Potozerani ku LOCK, zungulizaninso: mumve kuti "khe", kenako shafiti iyambe kuzungulira limodzi ndi tayala. Ngati palibe chikuchitika, masulani chivundikiro. Kawirikawiri mupeza girizi wakale wouma wosakanikirana ndi fumbi, kapena girizi wochuluka kwambiri amene wina anapakiramo pofuna kuchita zabwino. Mkati mwa hub mumafunika girizi wopyapyala wongonyowetsa, chifukwa kasipuling'i kamene kamakankha giya ndi kofewa, sikangathe kukankha phala. Tsukani ndi parafini, umitsani, pakani pang'ono, ikani gasketi yatsopano.

Ma Hilux ena alibe chopotoza kuwilo. Amalumikiza shafiti ndi mpweya wokokedwa kudzera m'timapaipi ta labala. Timapaipito tikakalamba timang'ambika kumapeto, ndipo anthu amathamangira kugula chida chonse chodula pamene chofunika ndi kapaipi kotalika ngati chala. Ma hub olowa okha a Nissan amamasuka mukabwerera m'mbuyo, choncho pogwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo m'matope amalowa ndi kutuluka mwamphamvu mpaka kutha mano. Amene amayenda kwambiri kumudzi ndi bwino awasinthe aike opotoza ndi dzanja.

Mabuku a Toyota amalangiza kuyendetsa pa 4x4 makilomita osachepera 16 mwezi uliwonse kuti oyilo afike pa maberingi ndi ma seal (malabala otchinga oyilo) akutsogolo. Galimoto ya mutauni imatha chaka osalowa H4. Pezani msewu wafumbi Loweruka limodzi pamwezi. Ngati simungathe, ingotsekani ma hub pa LOCK muyende pa H2 tsiku limodzi, zakutsogolo zonse zidzazungulira popanda kupotana.

Madzi

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndipo kupewa kwake n'kotsika mtengo kuposa china chilichonse. Difu iliyonse, giyabokosi ndi transfer case zili ndi kabowo kopumira pamwamba. Mukayenda, oyilo amatentha, mpweya wamkati umafufuma n'kutulukira pamenepo. Mukalowa m'madzi ozizira, kaya pamtsinje wa kumudzi kaya pachithaphwi cha ku Chawama kapena ku Misisi, chitsulo chimazizira mwadzidzidzi, mpweya umakhwinyata, ndipo difu imayamwa. Ngati kabowoko kamira, imayamwa madzi. Ngati katsekeka ndi matope, imayamwira pa ma seal a kumawilo. Njira zonse ziwiri madzi alowa. Ndipo kabowo kotsekeka kamachititsanso kuti oyilo akankhidwire kunja pa seal n'kunyowetsa mabuleki akumbuyo. Ambiri amasintha seal kawiri katatu osadziwa kuti wolakwa ndi kabowo kaja.

Mankhwala ake ndi paipi ya mafuta ya mamilimita 6, mamita angapo. Chotsani kachipewa ka pakabowo, ikani kolumikizira, lowetsani paipi, imangeni ndi kalampu, muikwezere m'chipinda cha injini pamwamba pafupi ndi galasi. Kumapeto ikani kafyuluta kakang'ono ka petulo kuti fumbi lisalowe. Siyani paipi yolendewera pang'ono pafupi ndi difu kuti isaduke masipuling'i akatambasuka.

Poyeza oyilo, galimoto iime pamalo athyathyathya. Yambani ndi pulagi yapamwamba yothirira, osati yapansi yokhuthulira. Mukakhuthula kaye kenako n'kupeza yapamwamba yakana kumasuka, mwatsala ndi difu yopanda oyilo. Pa Toyota zambiri sipanala yake ndi 24. Oyilo afike pamlomo wa bowo, chala chimukhudze. Oyilo wabwino amaoneka ngati uchi kapena wakuda pang'ono. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, muli madzi, ndipo ayenera kuchoka tsiku lomwelo chifukwa maberingi amachita dzimbiri galimoto itangoima masiku ochepa. Pa pulagi yapansi pali maginito. Timatope tosalala tachitsulo si vuto, koma tizidutswa tomveka m'zala ndi mano kapena beringi imene yayamba kusweka.

M'ma difu thirani oyilo wa GL-5 80W-90. Difu yakumbuyo ikakhala ya LSD, yochepetsa kupalasa kwa wilo limodzi, imafuna oyilo wolembedwa LS, apo ayi idzagogoda pokhota. M'giyabokosi GL-4 75W-90 ndi amene amayanjana bwino ndi timphete tamkuwa tothandiza giya kulowa. Sinthani pa makilomita 40,000 aliwonse, kapena nthawi ina iliyonse madzi akalowa. Yezani giyabokosi ndi transfer case tsiku limodzi. Mukapeza china chadzaza mpaka kusefukira china chatsika, seal ya pakati pawo yatha ndipo oyilo akusamuka. Pansi sipadontha kanthu, n'chifukwa chake transfer case imatha kupsa mwini wake akulumbira kuti galimoto yake siidontha.

Injini ikazima pakati pamadzi, musayese kuiliza. Injini ya dizilo ngati ya Toyota yotchedwa 3L imapanikiza mpweya ka 22, ndipo madzi sapanikizika. Theka la kapu ndi lokwanira kupinda chitsulo cholumikiza pisitoni. Kokani galimoto itulukemo, tsegulani fyuluta ya mpweya. Ngati yanyowa, chotsani ma glow plug (mapulagi otenthetsa injini poiliza) onse, zulani waya wa pampu ya dizilo, zungulizani injini kaye ndi sipanala, kenako ndi sitata mpaka madzi atasiya kutuluka. Sinthani oyilo ndi fyuluta musanapite patali.

Kutsogolo

Hilux LN106 ndi ma Land Cruiser ali ndi ekiselo yathunthu kutsogolo. Kumapeto kwake kuli mpira wachitsulo umene mkati mwake muli jointi yoyenda m'girizi wakuda wa moly. Mpirawo uzioneka wonyowa pang'ono. Mukaona phala lakuda likuyenderera mpaka kutayala, seal yamkati yatha ndipo oyilo wa difu akusungunula girizi. Kuthira girizi wina n'kungotaya ndalama. Pamafunika kumasula mbali yonse, kusintha seal, zopukutira za kumbuyo kwa mpira, ndi maberingi a kingpin, amene wilo limakhoterapo, ngati adyeka. Ma Hilux a kuyambira 1997, Hardbody, KB ndi L200 ali ndi mashafiti oonekera okhala ndi malabala opindikapindika. Labala likang'ambika, mchenga umapha jointi m'masabata ochepa. Kugogoda kwa "ta-ta-ta" pokhota muli pa H4 kumatanthauza kuti mwachedwa kale.

Wilo lili m'mwamba, gwirani tayala pamwamba ndi pansi mugwedeze. Likagwedera, wina aponde buleki mugwedezenso. Kugwedera kukatha, ndi beringi ya wilo. Kukapitirira, ndi kingpin kapena ball joint, jointi imene wilo limakhoterapo. Manati a beringi pa Toyota amafuna soketi ya mamilimita 54. Makaniko amene akuwamasula ndi tchizulo ndi hamala sangathe kuwamanga pamlingo woyenera, ndipo beringi yothina kwambiri imapsa, yokhwepa imadya mpando wake. Soketiyo gulani yanu muziyenda nayo.

Mashafiti aatali a kunsi ali ndi timabele tothirira girizi pa jointi iliyonse. Pakani posintha oyilo wa injini, pa makilomita 5,000, komanso mukawoloka madzi akuya. Pa jointi pompani mpaka girizi watsopano atulukire mbali zonse zinayi. Pamalo pamene shafiti imalowa ndi kutuluka, kupompa kuwiri kapena kutatu kwakwana, mukadzaza imakankha maberingi a transfer case. Musanachotse shafiti, lembani chizindikiro ndi penti kuti ibwerere momwe inalili. Ikabwerera mosemphana, galimoto imanjenjemera ndipo mumayamba kuimba mlandu matayala.

Kutentha

Injini tiikambe pachinthu chimodzi chokha, chifukwa chimakhudza ife a mu Lusaka mwapadera. Mzinda uno wakhala pamwala wa laimu, ndipo madzi a m'zitsime zathu amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo. Zomwezo zimatseka timachubu ta rediyeta. Mutauni simuona vuto. Lidzaonekera mu October pokwera mapiri a Manenekela ndi katundu wodzaza, kapena pochoka pa mlatho wa Luangwa kulowera ku Nyimba. Mainjini a turbo monga 1KZ-TE, 2L-T ndi 4D56 sakhululuka, kutentha kamodzi kokha hedi, mutu wa injini, imatha kung'ambika. Thirani coolant, mankhwala a m'rediyeta, wosakaniza ndi madzi oyera othira m'batire (osati asidi) kapena amvula osefa, ndipo musinthe pakatha zaka ziwiri.

Chizolowezi chochotsa thermostat, kachipangizo kotsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, ndimachitsutsa. Pa mainjini ambiri a Toyota, thermostat ikatseguka imatsekanso njira yachidule imene madzi amadutsa injini ikadali yozizira. Mukaichotsa, njirayo imakhala yotseguka ndipo madzi ena amangozungulira mu injini osafika ku rediyeta. Ikani yoyenera, ya madigiri 82 ngati buku likutero, ndi chivundikiro cha rediyeta chatsopano. Yezaninso fani. Injini itatentha ndipo mwaizimitsa, ikankheni ndi dzanja. Ikazungulira momasuka kangapo, oyilo wa silikoni mkati mwake watha ndipo siikukoka mpweya pokwera phiri. Pakati pa rediyeta ndi karediyeta ka AC kamene kali kutsogolo kwake pamadzaza njere za udzu ndi matope ouma. Tsukani kuchokera kumbali ya injini ndi madzi opanda mphamvu kwambiri kuti timalata topyapyala ta rediyeta tisapindike.

Singano ya kutentha ikayamba kukwera paphiri, tsitsani giya kuti injini izungulire msanga popanda kuipanikiza, zimitsani AC, yatsani hita mpaka mapeto. Ikapitirirabe, imani pambali, siyani injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, pokhapokha ngati madzi akutayika pansi, pamenepo zimitsani nthawi yomweyo. Chivundikiro cha rediyeta musachikhudze mpaka paipi yaikulu yapamwamba itazizira moti mungathe kuifinya ndi dzanja.