Pangano la malonda si chitupa chodutsira pa boda

Sabata ino wina wandifunsanso funso lomwe lija: "Achimwene, si akuti mu Africa muno msonkho unatha? Nanga pa boda akutivutitsiranji?" Ndayankha funsoli mpaka kukamwa kwauma. Msonkho sunathe. Pangano la malonda pakati pa mayiko limatsitsa kapena kuchotsa dyute, msonkho wolowetsera katundu m'dziko, pa katundu yekhayo amene mwasonyeza umboni kuti ndi wa kuno. VAT ya dziko limene mukulowa mulipira ndithu.

Pangano la AfCFTA, la malonda pakati pa mayiko a mu Africa, linasainidwa ku Kigali mu 2018, ndipo malonda anatsegulidwa pa 1 January 2021. Mayiko anavomera kuchotsa dyute pa 90 peresenti ya mitundu ya katundu, koma pang'onopang'ono. Mayiko osauka ngati lathu anapatsidwa zaka 10. Mitundu ina 7 peresenti idzatenga nthawi yotalikirapo, pomwe 3 peresenti dziko likhoza osaikhudza n'komwe. Chimene nthumwi zathu zimatuluka nacho thukuta pa zokambirana si manambala amenewa ayi, koma funso lakuti katundu "wa kuno" ndi uti. Malaya osokedwa ku Blantyre ndi nsalu ya ku China, ndi a ku Malawi kapena a ku China? Dziko lokhala ndi mafakitale a nsalu lidzati a ku China, ife tidzati ndi athu. Nkhani ya zovala ndi magalimoto inakoka zaka chifukwa cha mkangano womwewu.

Ku COMESA, bungwe la malonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, imodzi mwa njira zovomerezeka zoti katundu atchedwe wa kuno ndi yoti 35 peresenti ya mtengo wa katunduyo ikhale yowonjezeredwa kuno. Koma gwirani ichi: Tanzania, Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA. Kumeneko chimagwira ntchito ndi chiphaso cha SADC, bungwe la mayiko a kumwera kwa Africa.

Pali mayi wina amene sandichoka m'maganizo. Anasonkhanitsa mtedza wa alimi anzake, thiraki yodzaza, wogula akudikira ku Johannesburg. Anandiimbira Lachisanu, ine ndili pa maliro, ndinangoti, "Mayi, tionane Lolemba." Iwo anaona ngati Lolemba ndi kutali. Anapeza dobadoba wa jekete yabwino amene anawauza kuti mapepala onse atuluka tsiku lomwelo. Anawapatsadi pepala lodindidwa bwinobwino, la COMESA. Thiraki inadutsa pa Mwanza, inadutsa Tete, inadutsa Zimbabwe yense, n'kukaima pa Beitbridge, boda yolowera ku South Africa. Pepala lolakwika, komanso chiphaso cha umoyo wa mbewu panalibe. Mwini thiraki ankawerengera tsiku lililonse m'madola. Mvula inagwa, tenti inali yong'ambika pakona, matumba a pamwamba anachita chuku. Foni ya dobadoba inali itazima kale.

Ndikanawapatsa mphindi zisanu zokha pa foni paja, ndikanawauza kuti asakweze thumba ndi limodzi lomwe. Zimandiwawabe.

Chimandikwiyitsa n'chakuti mwayi weniweni ulipo, koma anthu amaudumpha. Wamalonda ang'onoang'ono wopita ku Zambia kudzera pa Mchinji ali ndi njira yachidule ya COMESA: katundu wosapitirira madola 2,000, amene ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, amadutsa ndi fomu yaifupi yodzaza pa boda pomwepo, popanda ejenti wokonza mapepala a kasitomu. Komabe mumaona amayi akuzemba m'tinjira ta m'tchire usiku, kulipira anyamata a njinga ndalama yoposa imene akanalipira pa windo.

Musanagule katundu, osati mutakweza kale, pitani ku MRA mukafunse nambala ya katunduyo m'buku la kasitomu ndi pangano limene likugwira ntchito kumene mukupitako. Mtedza muuyezetse chuku kaye. Ejenti aliyense akuonetseni laisensi yake, ndipo amene akuti "musadandaule, ndili ndi anthu anga mkatimo" musamupatse ngakhale fotokope ya pasipoti.