Kukonzekera filimu yoseketsa ya nyengo imene America inaletsa mowa

Pagulu la ophunzira luso lopanga mafilimu sipalephera kupezeka ena ofuna kujambula sewero loseketsa la zigawenga zimene zinkazembetsa mowa ku America pakati pa 1920 ndi 1933. Akamabwera ndi ganizoli amakhala atalemba kale zofunika: galimoto ziwiri zamakedzana, mfuti zolira ngati matalala padenga, zipewa, ndiponso msewu wa mumzinda wa Chicago usiku. Ine ndimangowafunsa kuti choseketsa pankhaniyi chili pati, ndipo kawirikawiri m'chipindamo mumangoti zii. Zimene alembazo ndi zodula kwambiri, komanso palibe ngakhale chimodzi mwa izo chimene chingaseketse munthu. Nthabwala za nyengo imeneyi zili m'lamulo lenilenilo ndi m'makhalidwe a anthu amene ankalizemba, choncho kukonzekera kuyenera kuyambira pamenepo.

Lamuloli linabwera ndi kusintha kwa nambala 18 kwa malamulo oyendetsera dziko la America, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 17 January 1920. Lamulo lina, lotchedwa Volstead Act, ndilo linamasulira kuti chakumwa chilichonse chimene ukali wake wapitirira theka la peresenti imodzi ndi choledzeretsa. Chimene ophunzira ambiri sadziwa ndi chakuti choletsedwa chinali kufulula, kugulitsa, kunyamula ndi kulowetsa mowa m'dziko, koma kumwa kwenikweniko sikunali mlandu. Munthu wachuma amene anadzaza chipinda chake ndi mabotolo tsikulo lisanakwane ankamwa m'nyumba mwake mosaopa aliyense, pamene wosauka wogula kapu imodzi kuseri kwa golosale ankadalira wophwanya lamulo.

Mipata yozembera inalipo yambiri, ndipo uliwonse ungakwane filimu yakeyake. Dokotala ankaloledwa kulembera wodwala kachasu wa wisiki ngati mankhwala, pafupifupi theka la lita pa masiku khumi alionse, moti George Remus, loya amene kale anali wogulitsa mankhwala, analemera kwambiri mumzinda wa Cincinnati pogula mafakitale a mowa limodzi ndi makampani a mankhwala n'kumadzigulitsa yekha katunduyo. Vinyo wa pamwambo wachipembedzo analinso wololedwa. Alimi a mphesa nawo ankagulitsa madzi a mphesa owumitsidwa ngati njerwa, atalembapo chenjezo lofotokoza bwinobwino zimene wogula sayenera kuchita kuopa kuti madziwo angasanduke vinyo, ndipo aliyense ankawerenga chenjezolo ngati malangizo. Taganizirani bambo wojintcha, wathanzi lake, atakhala pabenchi kwa dokotala akuyeserera chifuwa, ndipo atacheuka akuona kuti amene wakhala pambali pake akukhosomola mofananamo ndi wapolisi wa m'dera lawo. Chithunzi chimenecho chikungofuna benchi, anthu awiri ndi chitseko basi.

Ngakhale kumbali ya boma kunali zisudzo zenizeni. Izzy Einstein ndi Moe Smith anali apolisi olimbana ndi mowa mumzinda wa New York, anthu onenepa amene sankaoneka ngati apolisi n'komwe, ndipo ankadzibisa povala ngati okumba manda, ogulitsa malonda mumsewu kapena osewera mpira. Anagwira anthu pafupifupi 5,000 asanachotsedwe ntchito mu 1925. George Cassiday, amene ankadziwika ndi chipewa chake chobiriwira, anakhala zaka pafupifupi khumi akuperekera mowa kwa aphungu a nyumba ya malamulo ku Washington, nyumba yomweyo imene inakhazikitsa lamulolo, ndipo mu 1930 anaulula zonse m'nyuzipepala. Lamuloli linathetsedwa pa 5 December 1933.

Chifukwa cha zimenezi, ndimalangiza ophunzira kuti amusiye Al Capone, mkulu wotchuka wa zigawenga za Ataliyana a ku Chicago. Nkhani yake ndi ya magazi, monga kuphedwa kwa amuna asanu ndi awiri m'galaja ina ku Chicago pa 14 February 1929, ndipo chodabwitsa chokha pa iye ndi chakuti mu 1931 anamangidwa chifukwa chozemba msonkho. Zigawenga zoyenera filimu ya ophunzira ndi zazing'ono: wometa tsitsi amene wabisa mabotolo pansi pa mpando wa kasitomala, mayi wamasiye amene akutcheza mowa m'bafa, kapena mnyamata amene wapatsidwa katundu woti akapereke koma waiwala mawu achinsinsi onenera pakhomo. Pamafunikanso kudziwa polekezera. Anthu ambiri anafa kapena kuchita khungu ndi mowa wa m'mafakitale umene boma linkalamula kuti uzithiridwa poizoni, ndipo mu 1930 chakumwa china chopangidwa ndi jinja chinapuwalitsa anthu masauzande. Omvera amaseka mosavuta munthu wachiphamaso akayaluka, koma mukawaonetsa wovutikayo ngati choseketsa amakhumudwa, ndipo akakhumudwa kamodzi sabwereranso msanga.

Funso lina limene ophunzira athu amalizemba ndi la khungu. America wa nthawi imeneyo anali wosankhana mitundu, moti ku Cotton Club, malo azisangalalo za usiku a m'dera la Harlem mumzinda wa New York, amene mwini wake Owney Madden anali wozembetsa mowa, oimba ndi ovina anali akuda koma olowa kudzaonera anali azungu. Ngati ochita sewero anu onse ndi akuda, palibe chifukwa chowaveka nkhani ya Ataliyana a ku Chicago, pakuti Harlem yemweyo ali ndi nkhani yabwino koposa. Kumeneko lendi inali yokwera, ndipo mabanja ankakonza phwando m'nyumba zawo, olowa n'kumalipira kangachepe pakhomo, mkati muli woimba piyano, chakudya ndi mowa wozembetsa, kuti ndalama ya lendi ikwane. Pamenepo mwapeza chipinda chimodzi, usiku umodzi, mwini nyumba amene akubwera m'mawa kudzatenga zake, woperekera mowa amene wachedwa, ndi kugogoda kwa pachitseko kumene palibe akudziwa ngati ndi kwa mlendo kapena kwa wapolisi. Woonera aliyense amene anaonapo mmene ogulitsa kachasu amabisira zigubu akamva kuti kwabwera apolisi sadzafuna womumasulira, ndipo sewerolo lingathe kulankhulidwa m'Chichewa popanda wina kupotoza lilime kuti amveke ngati wa ku New York.

Mukasankha nkhani, sankhaninso chaka chimodzi ndipo muchigwiritse. Chaka cha 1927, pamene ndalama zinali m'manja mwa ambiri, si chimodzimodzi ndi 1931, chuma chitagwa kale mu October 1929 ndipo anthu ali pamizere yolandira chakudya. Kutalika kwa filimu kusapitirire mphindi khumi, zimene ndi masamba pafupifupi khumi a sewero lolembedwa, popeza tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi.

Za galimoto ndinene mwachidule: musaifune. Kupeza Ford Model T yoyenda ndi kovuta, ndiponso ku America galimoto zimayenda kudzanja lamanja kwa msewu, choncho msewu wathu uliwonse udzakuululani. Kuwala kwa nyali kodutsa pakatani, kulira kwa injini ndi kumenyetsa kwa chitseko zimakwanira kuti woonera akhulupirire kuti panja paima galimoto.

Ndalama zochepa zimene muli nazo zipite ku zovala ndi ku mawu. Pakaunjika mumapezeka majekete, mawesikoti, malamba a m'mapewa ndi zipewa, ndipo telala angathe kusoka diresi lowongoka la chiuno chotsika ngati la akazi a nthawiyo, amene ambiri ankadula tsitsi lalifupi ndi kuvala kachipewa kothina kofika m'maso. Chimene chimawononga filimu zoterezi kawirikawiri ndi tizinthu tating'ono timene maso anazolowera: soketi yapulasitiki pakhoma, babu loyera la masiku ano, zipi ya thalauza, nsapato ya mphira, chizindikiro cha kampani pabotolo. Nthawi ina ophunzira anga anajambula tsiku lonse chithunzi chabwino kwambiri cha anthu akubisa mabotolo, ndipo tinazindikira tili pakompyuta kuti m'thumba la malaya a mkulu wa zigawenga munkaonekera ngodya zinayi za foni. Kuyambira pamenepo ndimaika munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana chithunzi chilichonse kuchokera kukona kufika kukona kamera isanayatsidwe. Kujambula mopanda mitundu, zakuda ndi zoyera zokha, kumabisa zambiri mwa zolakwikazi, ndipo jekete lobiriwira ndi thalauza lofiirira zimaoneka ngati suti imodzi.

Mawu ndiwo amavuta koposa, chifukwa njinga yamoto ya kabaza ikangodutsa panja, 1927 yathera pomwepo. Ena amathana nazo popanga filimu yopanda mawu, ya zolemba zoonekera pakati pa zithunzi, monga zinalili filimu zambiri mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, koma njira imeneyi imafuna ochita sewero odziwa kulankhula ndi thupi. Pa nyimbo, kumbukirani kuti umwini wa nyimbo yopekedwa ndi wosiyana ndi umwini wa chimbale chimene inajambulidwapo, kotero ndi bwino kupempha mnzanu woimba piyano kuti apeke yakeyake m'kaimbidwe ka jazi. Mowa wa pasewero ukhale tiyi wozizira wopanda mkaka, amene m'botolo amafanana ndi wisiki. Ngati pakufunikadi mfuti, ikhale chidole, ndipo apolisi ndi anthu oyandikana nawo adziwitsidwe tsiku lojambula lisanafike.

Pojambula penipenipo, kamera iime patali ndithu kuti woonera aone nthawi imodzi wapolisi amene akumwa tiyi wake ndi botolo limene likugubuduzika pang'onopang'ono kulunjika kuphazi lake. Mukayandikitsa kamera pankhope, nthabwala yotere imatayika. Musadalirenso kuseka kwa anzanu ogwira nawo ntchito, pakuti pofika ulendo wachisanu ndi chitatu wobwereza chithunzi chomwecho palibe amene amaseka, ndipo apa ndi pamene ochita sewero amayamba kukokomeza kuti apezenso kuseka kuja. Wotsogolera aziwakumbutsa kuti mayi amene wakonza phwando la lendi lija sakudziwa kuti ali m'sewero loseketsa. Iye akungowerenga makobidi ali m'mbale, akupeza kuti sanakwane, ndipo pachitseko pagogodanso munthu.