Mwana aliyense ali ndi mayi, koma si mayi mmodzi

Ndikamaphunzitsa lojiki ndimayamba ndi chiganizo ichi: mwana aliyense ali ndi mayi. Palibe amatsutsa. Kenako ndimati, ndiye kuti pali mayi mmodzi amene anabereka ana onse eti? Kalasi yonse kuseka, koma ndikafunsa kuti chalakwika ndi chani kwenikweni, onse ziii.

Sindiwaseka ayi, akatswiri enieni anavutika nazo zaka zoposa 2,000. Lojiki ndi luso loona ngati mfundo yomaliza ikutulukadi mu zomwe wayamba nazo, ndipo woyamba kuiyala bwinobwino anali Aristotle wa ku Greece, uja anamwalira mu 322 BC. Njira yake inali ya ziganizo zitatu: mbuzi zonse ndi nyama, nyama zonse zimafa, ndiye mbuzi zonse zimafa. Chotsanipo mbuzi muikepo nkhuku zikuyendabe, chifukwa mphamvu ili mu kayalidwe kake osati mu mbuziyo. Inakhazikika moti mu 1787 Immanuel Kant, katswiri wa filosofi wa ku Germany, analemba kuti lojiki sinasunthepo kuchokera nthawi ya Aristotle ndipo ikuoneka ngati inatha kale. Apa mkuluyu anaphonya.

Vuto lake ndi loti chiganizo cha Aristotle chimanyamula "onse" kapena "ena" kamodzi basi, pomwe cha mayi chija chanyamula ziwiri zolumikizana, aliyense komanso wina, ndiye njirayo inalibe pogwira.

George Boole, mwana wa wosoka nsapato wa ku Lincoln ku England amene masamu anadziphunzitsa yekha, mu 1847 anasandutsa lojiki kukhala alijebula. Anati x akaimira gulu la zinthu, monga mbuzi, x kutaimusa x ndi x, mbuzi zomwe zili mbuzi ndi mbuzi basi, ndipo manambala amene amatero ndi 0 ndi 1 okha. Mu 1937 Claude Shannon ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti maswichi a magetsi amatsata malamulo omwewa, foni mwagwirayo imayendera zimenezo. Koma za mayi zija Boole sanazimasule.

Anamasula ndi Gottlob Frege, mphunzitsi wa masamu ku Jena ku Germany, mu kabuku kotchedwa Begriffsschrift ka 1879, kosafika ndi masamba 100 omwe. Iye anati nkhani ili pa chomwe chatsogola. "Tengani mwana aliyense, mupeza mayi wake" ndi zina, "pali mayi wina, mwana aliyense mungatenge ndi wake" ndi zinanso, mawu pafupifupi omwewo koma mwangosintha wotsogola. Kwa ine lojiki yamakono inabadwira pamenepa. Chomvetsa chisoni, anazilemba ndi timizere tokhotakhota totsika pansi pa tsamba moti owerenga anali ochepa zedi.

Mmodzi mwa ochepawo anali Bertrand Russell, katswiri wa masamu ndi filosofi wa ku Britain, ndipo mu June 1902 analembera Frege kalata yomuuza kuti lamulo lina mu buku lina lalikulu la Frege la maziko a masamu likubala mfundo yodzitsutsa yokha, apo n'kuti gawo lachiwiri lili kale kosindikiza. Frege anavomera, n'kuwonjezera masamba kumapeto oulula vutolo. Za aliyense ndi wina zija sizinakhudzidwe, ndi zomwe ndimalemba pa bolodi kalasi ikamaliza kuseka.