Mita yamagetsi imalemba bwanji 173?

M'nyumba zambiri za lendi kuno ku Johannesburg muli mita ya prepaid, ndipo tonse timaiyang'ana kuti tidziwe mayunitsi otsala. Tinene kuti ikuonetsa 173. Kachipangizo koganiza kamene kali m'katimo, microcontroller, sikasunga 1, 7 ndi 3 payekhapayekha. Kamasunga 10101101, mndandanda wa ma 0 ndi ma 1 otchedwa ma bit. Kuyambira kumanja, malo ake amaimira 1, 2, 4, 8 mpaka 128, choncho pamene pali ma 1 pakutanthauza 128 + 32 + 8 + 4 + 1. Ntchito ya ife olemba mapulogalamu a zipangizozi ndi kuphwanya nambalayi kuti chilembo chilichonse chiyake pamalo pake.

Ophunzira ambiri amathamangira kugawa ndi 10. Mukagawa 173 mupeza 17, kutsala 3. Mukagawa 17 mupeza 1, kutsala 7. Manambala amatuluka chafutambuyo, kuyambira 3, choncho muyenera kuwasunga kaye. Koma tchipi (microcontroller ija) ngati ATmega328P ya pa Arduino Uno, kabolodi kophunzirira ntchitoyi, ilibe lamulo logawira. Imadutsa m'masitepe ambirimbiri kuti igawe kamodzi. Komanso masikirini ambiri a seven-segment, olemba nambala ndi timizere tisanu ndi tiwiri, amayatsa nambala imodzi panthawi, mothamanga moti diso limaona ngati zonse zayaka. Tchipi ikatanganidwa ndi masamu pa nthawi yoyatsa, manambala amayamba kuphethira.

Ine ndimakonda kuchotsera, monga amachitira wa pa spaza (kagolosale) powerenga ndalama. Pa R173 amayamba wachotsa R100, kamodzi kokha. Pa R73 yotsalayo amachotsa ma R10 kasanu ndi kawiri, ndipo R3 imatsala. Ndi zomwezo: 1, 7, 3, motsatana bwino kuchokera kumanzere. Tchipi iliyonse, ngakhale yotchipa kwambiri, imachotsera mwachangu, ndipo pulogalamu yake munthu wina akhoza kuimvetsa akadzafuna kukonza.

Palinso njira ya double dabble, yosafuna kugawa. Mumakankhira ma bit kumanzere limodzilimodzi kulowa m'magulu a ma bit anayi, gulu lililonse n'kuimira nambala imodzi. Musanakankhe, gulu limene lafika 5 kapena kupitirira mumaliwonjezera 3. Chifukwa chake n'chakuti kukankha n'kuchulukitsa ndi 2, ndipo ma bit anayi amasefukira pa 16, osati pa 10. Kusiyana kwake ndi 6, theka lake 3.

Ngati sikirini yanu ndi LCD ya zilembo, wonjezerani 48 pa nambala iliyonse musanaitumize, chifukwa mu ASCII, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, chilembo cha 0 chili pa 48.